Miyezi 8 ndi LibreOffice Calc: ndikuigwiritsabe ntchito

Nditangoyamba phunziro la manambala kusukulu ya utolankhani, ndinalemba kuti ndaika LibreOffice Calc, pulogalamu yowerengera manambala m'matebulo, pa laputopu yanga yakale, ndipo ndinalonjeza kudzanena mmene yandiyendera. Miyezi 8 yatha tsopano.

Ikugwirabe bwino. Ndi yaulere, komanso siifuna intaneti, zomwe kwathu kuno ku Ulongué ndi nkhani yaikulu poti netiweki imathawa nthawi iliyonse.

Chimene chinandizunza ndi kadontho. Kuno ku Mozambique manambala timalemba mwa Chipwitikizi. Bungwe la boma loona za ziwerengero la INE limalemba kuti pa kalembera wa 2017 dziko lonse linali ndi anthu 27.909.798, madontho ndi amene amalekanitsa masauzande, pamene nyuzipepala za ku Malawi zikanaika chizindikiro cha koma pamenepo (27,909,798). Pulogalamu yanga inali m'Chingerezi, ndiye 1.500 inkawerenga ngati chimodzi ndi theka. Sabata yathunthu tebulo langa linkandipatsa mitengo yosamveka. Mankhwala ake ndi apafupi: polowetsa manambala ochokera m'fayilo ina, sankhani chilankhulo cha Chipwitikizi pa kabokosi kamene kamatuluka. Anzanga a kalasi, musanawerengere chilichonse, yambani mwaona pamenepo.

Powerengera mitengo mu Calc ndinakondanso MEDIAN, yomwe imapeza nambala yapakati, kuposa AVERAGE, yomwe imapeza avereji. Wavenda mmodzi akakweza mtengo mopitirira, avereji yonse imakwera naye, koma nambala yapakati siigwedezeka kwenikweni.

Koma phunziro lenileni ndinalipeza kumsika. Ndinkalemba mitengo ya chimanga pa ndowa Loweruka lililonse, ndikunyadira kuti ndili ndi nkhani yoti mtengo watsika. Mayi wina wogulitsa ataona kope langa anandifunsa kuti, mwana wanga, ukunena ndowa yake iti? Ena amadzaza mpaka kaphiri pamwamba, ena amasalaza, ena ndowa zawo n'zophwanyika m'munsi. Mtengo sunatsike ayi, muyezo ndi umene unachepa. Ndikanaulutsa nkhani ija, ndikananamiza alimi a ku Angónia ndi Tsangano amene amamvera wailesi kuti adziwe nthawi yogulitsa, ndipo zimenezi zimandiopsabe mpaka lero. Calc inawerengera molondola zimene ndinaipatsa, zolakwikazo zinali zanga.

Panopa ndimayenda ndi sikelo ya mbedza m'chikwama. Ndowa iliyonse ndimaipima, ndimalemba makilogalamu m'danga lakelake, kenako ndimayerekeza ndi mitengo imene imatulutsidwa ndi SIMA, nthambi ya boma yotolera mitengo ya zokolola m'misika. Mwezi wamawa ndiyamba kuchita chimodzimodzi ndi matumba a mbatatesi, chifukwa nawonso sakula mofanana.