Mafilimu a pa intaneti pa laibulale ya koleji yathu: nyenyezi 3 mwa 5, ndipo kabati ya ma DVD sindinaichotse

Ndimayang'anira laibulale pa kakoleji kena kuno ku chigwa cha Shire, kumene ophunzira ambiri amachita za umoyo ndi chitukuko cha m'midzi. Anzanga a m'makoleji ena akhala akundiimbira kufunsa ngati nawonso alipire kampani yoonetsa mafilimu a maphunziro pa intaneti imene ife tinalipira. Ndatopa kubwereza nkhani imodzimodzi pa foni, ndiye ndingolemba kamodzi. Dzina la kampaniyo ndalisiya dala, poti zambiri mwa zimene ndinene zikuchokera ku kachitidwe ka malonda amenewa, osati ku kampani imodzi yokha.

Tinalipira chaka chathunthu mu Sepitembala 2023. Tisanatero, mafilimu athu onse anali m'kabati imodzi yagalasi: ma DVD pafupifupi 300, ena ogula, ambiri opatsidwa ndi mabungwe komanso alendo amene anaphunzitsapo kuno n'kubwerera kwawo. A pulinsipo ankafuna kuti intanetiyo ikangoyamba, kabatiyo ituluke, pamalo pake pabwere matebulo awiri a makompyuta. Ine ndinapempha kuti tidikire chaka. Anandiyang'ana ngati agogo okakamira mtondo chigayo chitafika pamudzi, koma anavomera.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndithu. Mafilimu ndi ochuluka zedi, kabati yathu singayandikire n'komwe, ndipo kusaka n'kosavuta. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mawu olembedwa. Filimu iliyonse ili ndi mawu oyenda m'munsi, ndiponso tsamba la zonse zimene zikulankhulidwa. Ukalemba liwu loti cholera, imakuonetsa mphindi yeniyeni imene liwulo latchulidwa, ukadina pomwepo filimu n'kudumphira pamenepo. Ophunzira athu ambiri anakulira m'Chisena ndi Chimang'anja, Chingerezi anachiphunzira m'kalasi, ndiye cha ku America cholankhulira m'mphuno chija chimawadutsa. Ndaonapo mtsikana wina wachaka choyamba, amene sankayankhula m'kalasi, akuimitsa filimu chiganizo ndi chiganizo, kukopera m'kope, mawa lake n'kukhala woyamba kukweza dzanja. Aphunzitsi nawo amatha kudula kachigawo ka mphindi 6 n'kutumiza kwa kalasi yonse, m'malo moimirira kutsogolo ndi rimoti kufunafuna malo. Komanso ndalama imene umalipira imaphatikiza chilolezo choonetsa m'kalasi, nkhani imene pa ma DVD opatsidwa aja palibe amene angakuuze bwinobwino. Ndipo filimu ya pa intaneti palibe amene angaibwereke n'kupita nayo ku holide osabweza. Nyenyezi zitatu zija zachokera pamenepa.

Tsopano tibwere kwathu kuno.

Tsiku lina masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo monga mwa nthawi zonse, mphunzitsi wina anabwera ndi ophunzira 58 kudzaonera filimu ya mphindi 40 yokhudza kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Tinatseka mawindo ndi nsalu kuti chithunzi cha pulojekita chioneke, chipinda n'kusanduka uvuni. Filimu inayenda mphindi zitatu, kenaka pakati pa khoma panatulukira kamkombero kozungulira kaja. Inayendanso pang'ono, kamkombero kabweranso. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, “Madamu, chigayo chayambanso!” Kalasi yonse kuphulika ndi kuseka, ndipo mpaka lero dzina lake ndi lomwelo. Ndinatsitsa ubwino wa chithunzi kuti data izipita yochepa. Inayendadi, koma pamene munthu wa m'filimuyo ankaonetsa muyezo wa mankhwala pa kabotolo, manambala anangosanduka utsi. Phunziro lonse linali pa muyezowo. Mphunzitsiyo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, “Amayi, kodi kabati ija makiyi ake ali pafupi?” Tinapeza DVD yakale ya nkhani yomweyo, yachithunzi chofiirira, ndipo inatha popanda kutsokomola.

Wina anganene kuti vuto ndi intaneti yathu, osati kampani. Zoona, ndipo ndi zimene anandiyankha nditalemba kalata ya pa intaneti, mwaulemu ndithu, pasanathe masiku awiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene chikanathetsa zonsezi: kulola kuti laibulale idawunilode filimu usiku, netiweki ikapepuka, n'kudzaionetsa masana. Zimenezo mgwirizano wawo sulola. Filimu iyenera kuyenda pa intaneti nthawi iliyonse imene munthu akuionera. Ndiye kuti filimu imodzi ikaonedwa ndi makalasi anayi, data talipira kanayi. Pa chithunzi chapakatikati, ola limodzi limadya pafupifupi 1GB, ndipo pa chithunzi chowala bwino lingafike 3GB. Wophunzira amene amagula kabandulo ka WhatsApp ka sabata, mukamuuza kuti akaonere yekha pa foni ku hositelo, mwamuuza kuti asaonere. Malipoti a kampaniyo, amene ndi okonzedwa bwino ndipo angakuthandizeni a NCHE, bungwe loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, akabwera kudzayendera, anandionetsa zomwezo: pafupifupi kuonera konse kunkachitikira pa Wi-Fi ya mulaibulale, nthawi ya ntchito.

Za magetsi sindichulutsa, tonse tikudziwa. Koma ganizirani kusiyana uku. DVD imafuna TV ndi kamakina kake basi, zimene sola yathu yaing'ono imakwanitsa. Filimu ya pa intaneti imafuna laputopu, rauta, nsanja ya netiweki imene ili kutali ndi ife, ndi waya wautali wokwera mapiri a Thabwa mpaka ku Blantyre, zonse zikhale zamoyo nthawi imodzi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anabwera kudzadula misewu ndi mawaya. Masiku amenewo tinalibe intaneti kwa nthawi ndithu, koma makalasi atayambiranso, kabati ija inkagwira ntchito. Munthu wokhala kuno sakonza mapulani ngati madzi sadzabweranso.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa mpamene komiti yathu inatsala pang'ono kumenyana. Mtengo wake ndi wa madola. Mu Novembala 2023, patangotha miyezi iwiri tilipirire, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kampani sinakweze ngakhale senti, koma invoisi yotsatira, tikaiwerengera m'makwacha, inali itakwera pafupifupi ndi theka. Onjezerani kudikira kuti banki ipeze madolawo. A akaunti athu anayamba kundizemba m'khonde.

Palinso kamsampha kena kamene ndikupemphani muwerengetsetse musanasaine. Mafilimu ena sali m'gulu limene mwalipira, koma amaoneka pa mndandanda ngati enawo. Akadinidwa kangapo, ngakhale ndi munthu wongolawa n'kusiya, laibulale imalembedwa ngongole ya laisensi ya chaka ya filimu imeneyo. Ife tinadzazindikira titalembedwa zitatu, imodzi yokhudza mbiri ya magalimoto othamanga, imene anyamata ena anaitulukira Loweruka. Sindikuwadzudzula anawo, mlandu ndi wanga, sindinawerenge tsamba lachisanu la mgwirizano. Tinasintha kuti aliyense wofuna filimu yotero azipempha kaye kwa ine. Nkhani ya mtengo si ya ife osauka okha: mu 2019 malaibulale akuluakulu atatu a mumzinda wa New York anasiya kulipira kampani ina ya mtunduwu chifukwa ndalama inkangokwera anthu akamaonera kwambiri.

Koma chimene chinandiwawa koposa si ndalama. Mphunzitsi wina wa zachitukuko anamanga masabata atatu a maphunziro ake pa filimu ina yokhudza ulimi wothirira. Anakonza mafunso, anagawa magulu. Sabata yachiwiri, Lolemba m'mawa, filimu kulibe. Tsamba lake lilipo, chithunzi chake chilipo, koma batani loyambitsira lachotsedwa. Yankho linali lakuti eni filimuyo sanawonjezere mgwirizano wawo ndi kampani. Palibe anachita zachinyengo, zinalembedwa m'mgwirizano kuti mndandanda ungasinthe. Tsiku limenelo mpamene ndinamvetsa chimene tinagula. Tinali pa lendi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chaka chikatha osalipiranso, pa shelefu sipatsala kanthu, ngakhale chikuto. DVD imene koleji inagula mu 2011 ikadali pomwepo, ndipo palibe amene watitumizira invoisi yachiwiri.

Ndiyeno za kwathu. Lembani liwu loti Malawi m'bokosi losakira. Mudzapeza mafilimu angapo, ambiri opangidwa ndi alendo, onena za njala ndi matenda, ndipo ena mukawadina amakuuzani kuti saoneka m'dera lanu, poti chilolezo chake ndi cha ku America ndi Canada kokha. Tangoganizani, filimu yojambulidwa kuno, ife eni ake osaloledwa kuiona. Nditalemba Nsanje, Chikwawa, Mbona, Khulubvi, sindinapeze kanthu. Mafilimu a Shemu Joyah sindinawapezemo. Mphunzitsi wina ankafuna The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019 ija yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Imeneyo ili pa Netflix, imene ndi akaunti ya munthu ndi banja lake, osati ya laibulale.

Pamene m'kabati yathu yonyozeka ija muli chimbale cholembedwa ndi maka pamwamba, chimene mphunzitsi wina wakale anajambula yekha: madala atatu akuimba valimba pansi pa mtengo, wina akufotokoza m'Chisena mmene amasankhira zikho zoika kunsi kwa mitengo yake kuti mawu amveke. Mulinso china cha amayi akufotokoza mmene anathawira madzi a mu Januwale 2015 ndi moyo wa pa msasa ku Bangula. Chithunzi chimagwedera, mphepo ikuwomba mu maikolofoni, koma ndikachionetsa m'chipinda mumakhala zii, chifukwa ena mwa ophunzirawo anagonapo m'matenti amenewo ali ana. Zimbale ziwirizi palibe kampani ya kunja imene idzatigulitse.

Ndisakunamizeni kuti ma DVD ndi angelo. Kutentha kwa kuno sikuwasiya. Chimbale china mphunzitsi anachiiwala pa dashibodi ya galimoto pa Nchalo kwa maola awiri, chinabwera chitapindika ngati chiwaya. Fumbi limawakala, ndipo pafupifupi 20 mwa athu amangoima panjira. Ena opatsidwa ochokera ku America amakana pa makina wamba chifukwa cha manambala a zigawo: America ndi chigawo 1, South Africa ndi Ulaya chigawo 2, ife tili m'chigawo 5. Pamafunika makina owerenga zigawo zonse. Malaputopu atsopano sabweranso ndi polowetsa chimbale, ndipo zimbale zenizenizo zikusowa pa msika. Ngakhale Netflix, imene inayamba ndi kutumiza ma DVD pa positi, inatseka ntchito imeneyo mu Sepitembala 2023, mwezi womwe ife tinkalowa pa intaneti. Mafilimu atsopano ambiri satulukanso pa chimbale n'komwe, ndiye wofuna zatsopano sangathawe intaneti. Zathu zojambula tokha ndazikopera pa ma hard drive awiri, imodzi imakhala ku ofesi ya a pulinsipo pa shelefu yapamwamba, kumene madzi sanafikepo. Za eni ake sindikopa mwachisawawa: pali lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, ndipo a COSOMA alipo oti n'kuwafunsa.

Kwa amene mukufunabe kulipira, pemphani mwezi woyeserera, ndipo muyesere pa intaneti yanu yeniyeni, masana, kalasi itadzaza, osati pa foni ya wogulitsa mu hotela ku Blantyre. Atumizireni mitu 20 imene aphunzitsi anu amaifunadi, akuuzeni polemba kuti ndi ingati imene imaoneka ku Malawi ndiponso mpaka liti. Ndipo musapite nokha. MALICO, bungwe la mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, yakhala ikukambirana mitengo ya magazini a maphunziro a pa intaneti m'malo mwa malaibulale ambiri pamodzi, ndipo ndikuona kuti nkhani ya mafilimu tiyenera kuipititsa kumeneko, tikapemphe limodzi chilolezo chodawuniloda chija.

Ife chaka chitatha tinalipiranso, koma gulu laling'ono la mafilimu a zaumoyo okha, amene amasintha msanga ndipo mawu olembedwa aja amathandiza kwambiri. Ndalama yotsalayo tinagulira mabatire a sola ndi makina ena a DVD osungira, kuopa kuti amene tili nawowa angafe. Kabati tinaisuntha kuichotsa ku khoma la kumadzulo, limene limatentha ngati mbaula madzulo, ndipo matebulo a makompyuta a pulinsipo analowa ndithu, pakona ina. Makinawo ndinakawapeza ku Limbe nditalowa m'masitolo anayi. M'sitolo yachisanu mnyamata wogulitsa anakwera pa mpando, n'kutsitsa katoni yafumbi pamwamba pa mafiriji, akupukuta ndi malaya ake. Anati, “Amayi, atsala awiri okha. Mutenga onse?” Ndalama inakwana amodzi.