Injini ndi yabwino, koma wogulitsa anandibisira kuti ndegeyi inagwapo

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za injini ndi mapiko. Wogulitsayo sindikumupatsa ngakhale imodzi.

Ndi ndege yaing'ono youlutsa ndi rimoti, imene ndinagula kwa mkulu wina yemwe ankaitsatsa kuti sinagwepo, ikungofunika mafuta basi. Ndi yophunzirira, ya mapiko apamwamba, ya thabwa lopepuka la balsa, ndipo inabwera ndi injini ya kampani ya O.S. ya saizi ya .46, ma servo anayi (timamota toyendetsa zowongolera ndege ndi moto wa injini) ndi batire. Mtengo wake sunali wotsika, koma ndinalipira osanenerera. Ndinamufunsa mkuluyo maso ndi maso ngati ndegeyi inagwapo, iye n'kukanitsitsa. Injini anailiza pang'ono pamoto wotsika, kenako anaizimitsa msanga, ati kuopa kusokosera anthu oyandikana nawo.

Tsiku loyamba kupita nayo kubwalo, mnzanga amene waulutsa ndege zoterezi zaka zambiri anati tiyambe taiyesa ili pansi. Iye anagwira kumchira, ine ndinaima kumbuyo kwa phiko ndi rimoti m'manja. Injini inadzuka, tinaisiya itenthe, kenako ndinakankha moto pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Mwadzidzidzi panamveka kuti thyo! Mphuno yonse inagwedezeka, injini inazuka mbali imodzi n'kuwerama pulopela ili mkati mozungulira. Pulopelayo inamenya pansi, chidutswa chake chinathyoka n'kudutsa pafupi ndi mwendo wa mnzangayo. Amene simunagwirepo injini zimenezi dziwani kuti pulopela ya mainchesi 11 pa injini ya kukula uku imazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo chala imadula. Ndinazimitsa injini manja akunjenjemera. Mnzangayo anakhala kanthawi osayankhula, kenako anangoti, "Achimwene, tasendani pepala lakumphunoko tione."

Titasenda tinaona zonse. Kathabwa ka pulayiwudi komwe amamangirapo injini kanali katamwa mafuta mpaka kuda, kofewa moti chikhadabo chinkalowa. Chapakati panali mng'alu wakale womwe anaumata ndi guluu wa epoxy pamwamba pa mafuta omwewo, chonsecho aliyense wokonza ndege amadziwa kuti guluu sagwira pathabwa lamafuta. Pakona ina mkatimo munali dothi louma ndi timaudzu. Pepala lokutira kumphuno linali latsopano, kufiira kwake kosiyana pang'ono ndi kwa thupi lonse, koma zimenezi zimaoneka padzuwa pokha, ndipo iye anandionetsera m'nyumba. Ndegeyi inagwa chamutu, munthu n'kuimata mwachangu, n'kuikutira bwino kuti igulitsike. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti anadziwa chifukwa chimene sankafunira kukweza moto pamaso panga. Anadziwa kuti injiniyo ikhoza kuzuka, koma anandilola kunyamuka nayo osanena kanthu.

Nditamuimbira anati ndege inachoka kwa iye ili bwinobwino, mwina ndaiwononga ndine. Ndinamutumizira zithunzi za mng'alu ndi dothi lija. Chiyambire pamenepo foni sayankha.

Thanki nayo inkadontha, chotsekera chake cha labala chinali chitauma, ndiye gwero la mafuta onse aja m'thabwamo. Batire ya 4.8V inkatha mphamvu ndikangogwedeza ma servo kangapo, ndinaitaya.

Tsono za injini ndinene zoona, chifukwa ndi imene yandibweza mtima. Nditaimasula ndinapeza ma bearing atachita dzimbiri, ukapukusa shafiti ndi dzanja umamva kukhulana. Zimenezi ndi za kasungidwe: mafuta a injini zimenezi ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane ndi oyilo, ndipo methanol amakoka chinyezi, choncho ukaisiya injini ili ndi mafuta mkati osathiramo oyilo wotetezera, ma bearing amadyeka. Kabureta inali itamatana ndi utomoni wa mafuta a nsatsi, ndinachita kuiviika kuti imasuke. Koma mtima wa injiniyo unali wamoyo. Pisitoni ikamafika chakumwamba kwa silinda imagwira ndithu, kusonyeza kuti sinathe, ndipo shafiti sinapindike ngakhale inamenya pansi. Ndinaika ma bearing atsopano, glow plug (pulagi yoyatsa mafuta mu injini) yatsopano ndi timapaipi tatsopano. Panopa sivuta kudzuka, pamoto wotsika imalira mosadukiza, ukakankha moto imayankha nthawi yomweyo osatsamwa. Singano ya mafuta ndinaikonza, ndipo sindikufunikanso kumangoigwiragwira. Injini yoti yasungidwa mosasamala chonchi n'kumagwirabe ntchito motere, amene anaipanga anadziwa ntchito yawo.

Mapiko nawo ndi owongoka, mkati mwake mulibe chothyoka, tinachita kuunika ndi tochi. Ma servo onse anayi ali bwino. Tinadula kathabwa katsopano, tinachotsa balsa yense wonyowa, n'kupaka epoxy wosungunula mkati monse kuti mafuta asalowenso. Titayeza kulemera kwake kuti kukhale pamalo oyenera pansi pa phiko, mnzanga uja anaiulutsa. Inanyamuka mosavuta, ikakhota imabwerera yokha kuima bwino monga ndege yophunzirira imayenera kuchitira, ndipo potera imabwera modekha. Atandipatsa rimoti ili m'mwamba ndinasangalala kwambiri, mkwiyo wonse ndinayamba ndauiwala kaye.

Komabe ndikawonkhetsa ndalama yogulira ndi ya zipangizo zokonzera, yatsala pang'ono kufika pa mtengo wa ndege yatsopano, osawerengera madzulo onse amene ndinathera pa ntchitoyi. Akanandiuza kuti inagwapo ndipo kumphuno kukufunika ntchito, ndikanagulabe, koma pa mtengo wina, ndipo sindikanaliza injini pafupi ndi miyendo ya munthu.

Ndaona kuti mkulu yemweyu watsatsanso ndege ina ndi mawu omwe aja akuti sinagwepo. Ngati mukuifuna, ionereni panja dzuwa likuwala. Gwirani injini ndi dzanja muigwedeze mwamphamvu, muone ngati thabwa lakumbuyo kwake likusuntha. Chotsani thanki muunike mkatimo, kokani zipsepse zakumchira kuti mudziwe ngati mahinji ali olimba, pukusani pulopela mumvetsere ma bearing. Ndipo mumuuze ailize mpaka moto wonse inu muli chapatali kumbuyo kwake. Akayamba za anthu oyandikana nawo, musatulutse ndalama.