Full Thrust ndi Battlefleet Gothic: mantha ali pati?

Loweruka lapitali ku Chilomoni, tikusewera masewera a patebulo a nkhondo ya zombo za m'mlengalenga, alamu anga anasakaza chombo changa chachikulu mpaka chinatsala ndi timabokosi tiwiri tokha pa pepala losonyeza mphamvu zake, koma icho chinkangowomberabe ndi kamfuti kamodzi. Iwo kuseka: "Alamu, anthu anuwa alibe ana kumudzi?"

Ndi mmene alili Full Thrust, masewera a Jon Tuffley a kampani ya Ground Zero Games. Chimene chimafooka ndi zitsulo, osati mtima. Mzere wa timabokosi ta thupi la chombo ukatha, mumaponyera dayisi chida chilichonse: koyamba chimafa pa 6, kachiwiri pa 5 kapena 6, kachitatu kuyambira pa 4. Mantha ndinawapeza m'buku lowonjezera la More Thrust, pa tindege tankhondo: gulu la 6 likatsala ndi tiwiri, dayisi ikapitirira 2 timakana kuukira. Lamulo lokoma, koma ndi la tindege basi.

Battlefleet Gothic, ya Games Workshop ya 1999, yolembedwa ndi Andy Chambers, imagwira pena. Chombo chilichonse chimapatsidwa nambala ya Leadership (utsogoleri), kawirikawiri pakati pa 6 ndi 9. Mukafuna lamulo lapadera, monga kuthamanga kwambiri kapena kuikanso ma torpedo, mumaponya madayisi awiri ndipo asapitirire nambalayo. Wa 9 amapambana maulendo 30 pa 36, wa 6 maulendo 15 okha. Chowawa n'chakuti mmodzi akalephera, zombo zotsalazo sizilandiranso malamulo apadera ulendo umenewo, kupatula lodzitchinjiriza. Ndiye umakhala utagwira chibwano ngati wa bawo, kuganiza woyamba kumulamula ndani.

Kuthawanso kulimo. Chombo chikataya theka la mphamvu, mutha kuyesa Leadership kuti chizembe, mdani n'kungotola kota ya mapointi ake m'malo mwa onse. Komatu wosankha kuthawayo ndi inu wosewera. Ngati muli a liuma ngati alamu anga, anthu anu afera pomwepo.

Ine ndili ku Gothic, ngakhale chombo chabwino chikagwera Leadership ya 6 madzulo onse amawawa, ndiponso tizombo take anasiya kugulitsa mu 2013. Ife timamata zithunzi pa makatoni. Full Thrust ubwino wake malamulo ndi aulere pa intaneti ndipo mlendo amawagwira msanga. Tangowonjezera lathu lapakhomo: mzere wachitatu ukatha, ponyani dayisi, ikagwa 1 kapena 2 chombo chitembenuke kulowera kwawo. Alamu avomera, bola liyambe sabata yamawa.