Galimoto ya tsiku lonse kuchoka ku Chennai kupita ku Mahabalipuram: mmene ndinaionera

Si ochepa anthu akwathu kuno ku Chipata amene amapita ku Chennai, mzinda wa ku India, kukaperekeza odwala, ndipo ambiri amabwerako asanaone chilichonse kupatula khonde la chipatala ndi kachipinda ka lendi. Ndikulembera iwowo. Dokotala akanena kuti wodwala wanu angathe kukhala m'galimoto maola awiri, pemphani eni malo amene mukugona akupezereni galimoto ya tsiku lonse ndi dalaivala wake, mupite ku Mahabalipuram, kumene ena amati Mamallapuram. Ife tinatero ndi amayi akunyumba bondo lawo litayamba kupola, ndipo ndalama imene ndinalipira sindiidandaula. Zilipo zina zimene sizinandikomere, nazonso ndizinena.

Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Chennai, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Bay of Bengal, ndipo msewu wake ndi East Coast Road. Dalaivala anafika nthawi imene tinapangana, kusanache bwino. Galimoto inali yaukhondo, yoziziritsa mkati. Chimene chinandikhudza n'chakuti ataona ndodo ya amayi, anakankhira mpando wakutsogolo kumbuyo, nabweretsa pilo woika pansi pa mwendo, ndipo pa mahampu onse ankatsitsa liwiro popanda womuuza. Chizungu chake chinali chochepa, poti chilankhulo cha kumeneko ndi Chitamil, koma tinkamvana. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mufunse ngati ndalama za pa geti la msewu ndi zoimikira galimoto zili momwemo. Nyamukani m'mamawa. Kuyambira Epulo mpaka Juni dzuwa la kumeneko limawotcha zoopsa, ndipo mwala ukatentha simungaime pafupi nawo. Okutobala mpaka Disembala ndi nthawi ya mvula yamphamvu. Nyengo yabwino ndi ya kumapeto kwa Disembala mpaka Febuluwale.

Tinayambira pa kachisi wa pagombe, amene pa zikwangwani alembapo Shore Temple. Tikiti ya mlendo wakunja inali 600 rupee, ya nzika ya India 40. Kusiyanako kumapweteka, koma tikiti yomweyo imakulowetsani malo enanso tsiku lomwelo, choncho muisunge bwino. Kachisiyu anamangidwa nthawi ya mfumu Narasimhavarman II ya ufumu wa Pallava, imene inalamulira kuyambira cha m'ma 700 mpaka 728. Ndi miyala ya granite yosemedwa n'kusanjikizidwa, nsanja ziwiri, ina yaitali ina yaifupi, ndipo pakati pake pali chipinda chimene muli chosema cha Vishnu, mulungu wa Ahindu, atagona. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika kachisiyu pamodzi ndi zosema zina za m'tauniyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, choncho maso anga amathamangira pamene khoma likudwala. Mphepo ya mchere yamudya kachisiyu kwa zaka 1,300. Ng'ombe zamwala zimene zandandalikana pa mpanda nkhope zake zinafufutika, zina zatsala ndi linunda lokha. Oyang'anira malowa, a Archaeological Survey of India, amamata phala la mapepala onyowa pa miyala kuti likamauma lizikoka mchere umene walowa mkati. Kumbali ya nyanja anaunjikako miyala ikuluikulu yotchinga mafunde, nabzala mitengo yochepetsa mphepo. Pa 26 Disembala 2004, chigumula cha tsunami chitafika, madzi anayamba abwerera kutali, ndipo amene anali pagombe amati anaona mizere ya miyala pansi pa nyanja. Madziwo pobwerera anakokolola mchenga n'kuvundukula zosema zimene zinali zokwiririka, china cha mkango. Kuyambira kale anthu kumeneko amasimba kuti akachisi analipo asanu ndi awiri, ena onse nyanja inameza. Malowa ndi okongola, koma kuchoka pa geti kukafika pa kachisi ndi kamtunda ndithu kwa munthu wa ndodo, ndipo mthunzi ndi wochepa.

Dalaivala si wofotokoza mbiri. Pa geti pamakhala otsogolera alendo, ndipo ife tinatenga bambo wina wachikulire atationetsa chiphaso chake. Musaumire pamenepa. Popanda iye mudzangoona miyala.

Mtima wanga unatsala pa Pancha Rathas, cha kummwera kwa tauni. Ndi tinyumba tisanu ta mwala, koma sitinamangidwe ayi, tinasemedwa. Panali thanthwe, amisiri anakwera pamwamba nayamba kugoba kutsika pansi, kuchotsa chilichonse chimene sichinali nyumba. Denga ndilo linayamba, maziko anali omalizira. Ife tikakhotetsa mzere wa njerwa timagumula n'kuyambiranso, kapena pulasitala amatibisira. Apa munthu akalakwitsa nyundo imodzi pa mzati, palibe simenti yobwezerapo. Ntchitoyi ndi ya zaka za m'ma 600, nthawi ya mfumu Narasimhavarman I imene inalamulira kuyambira 630 mpaka 668, ndipo zida zawo zinali nyundo ndi tchizulo basi. Aliyense amene anayesapo kuswa granite ndi manja akudziwa chimene ndikunena. Kanyumba kotchedwa Draupadi kali ndi denga lotsanzira la udzu, lopindika bwino m'makona onse anayi. Ka Bhima ndi kotalika, ndipo m'munsi mwake ntchito inaima pakati, mizati ina yatuluka, ina idakali m'thanthwe, mikwingwirima ya tchizulo ikuoneka poyera. Kusamalizidwako ndiko kunandiphunzitsa zambiri, chifukwa umaona pamene mmisiri anayambira, pamene anafika, ndi chimene ankafuna kuchita mawa lake. Pambali paima njovu ya mwala umodzi, msinkhu wa njovu yeniyeni, komanso mkango ndi ng'ombe yamphongo yogona. Pansi pake ndi mchenga wokhawokha, ndodo imatitimira, choncho amayi anakhala pa mthunzi ine n'kuzungulira ndekha.

Pakati pa tauni pali phiri la matanthwe, ndipo apa ndi pofunika kupatsapo nthawi yambiri. M'mbali mwa msewu weniweni, poti ngakhale wodwala angathe kuona ataima pafupi ndi galimoto, pali khoma la thanthwe lotalika mamita pafupifupi 29, msinkhu mamita 13, lodzaza ndi zosema. Ena amalitcha Arjuna's Penance, ena Descent of the Ganges, chifukwa sagwirizana kuti munthu woonda amene waima ndi mwendo umodzi, manja m'mwamba, nthiti zonse pamtunda, ndi ndani. Ena amati ndi ngwazi ya m'nthano za Ahindu, Arjuna, akupempha chida kwa mulungu wawo Shiva, ena amati ndi mfumu ya m'nthano, Bhagiratha, akupempha kuti mtsinje wa Ganges utsike pansi pano. Pakati pa thanthwelo pali mng'alu wachilengedwe, ndipo amisiri sanaubise, anausandutsa mtsinjewo, nasemamo njoka za mitu ya anthu. Mmisiri wabwino amatero, chilema cha mwala amachipezera ntchito. Njovu zikubwera kudzamwa, ana ake ali pansi pa mimba. Wotitsogolera anatilozera mphaka amene waima ndi miyendo iwiri kutsanzira munthu wopemphera uja, makoswe atamuzungulira. Tokha sitikanamuona.

Pafupi pomwepo pali phanga lotchedwa Krishna Mandapam. Nkhani yake ndi ya Krishna, mulungu wa Ahindu, atanyamula phiri kuti abise abusa ndi ziweto zawo ku mvula yamkuntho. Koma amayi, amene anakulira pa mudzi wa ng'ombe ku Chadiza, sanayang'ane phirilo. Anaima pa bambo amene wanjuta akukama, ng'ombe itatembenuza khosi n'kumanyambita mwana wake pamsana, lilime lili kunja. Anati, "Bambo, amene anasema apa anakamapo ng'ombe. Taonani mmene yaimira." Anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa malo ena onse, bondo ataliiwala. Kwa ine chosema chimenechi chokha chikanakwanira mtengo wa ulendo wonse.

Mukakwera pang'ono mupeza Krishna's Butterball, chimwala chobulungira cha mamita 6 msinkhu, cholemera matani pafupifupi 250, chimene chakhala pa thanthwe lotsetsereka osagubuduka. Aliyense amajambulitsa pamenepo, ngakhale atsogoleri a India ndi China, Narendra Modi ndi Xi Jinping, anaimapo atakumana m'tauniyi mu Okutobala 2019. N'chodabwitsa, koma mphindi zochepa zimakwana. Ine chimene ndikupempha amisiri anzanga ndi kuyang'ana matanthwe ozungulira. Mudzaona mizere ya timabowo ta makona anayi togobedwa motsatana. M'menemo ankakhomeramo zikhomo kuti thanthwe ling'aluke mowongoka, ndipo ena anang'aluka ndithu, ena anasiyidwa mabowo ali chomwecho. Kumapeto kwa phiri kuli nsanja ya nyali yowunikira sitima zapamadzi. Masitepe ake ndi opanikiza, si a wodwala.

Tsopano chimene sichinandisangalatse. Titatsika phiri, dalaivala anatiimika pa sitolo ina ya zosema ndi nsalu ife osapempha, nati tingoona. Mitengo inali yokwera kwambiri, ogulitsa ankatikakamira, ndipo amayi anali atatopa kale. Zinali zoonekeratu kuti iye amalandirapo kangachepe akabweretsa alendo. Zinandiwawa chifukwa m'misewu ya tauniyi muli amisiri enieni, atakhala panja m'fumbi loyera, akusema ndi tchizulo ndi gilayindala, ndipo ukamayenda umamva kulira kwa nyundo mbali zonse. Luso lija silinafe. Kwa iwowo ndi kumene ndinkafuna kuima, kuona mmene amagwirira chida, n'kugula kanjovu kakang'ono m'manja mwa amene anakasema. Nthawi imene tinataya m'sitolo inachititsa kuti tidutse phanga losemedwa la Tiger Cave, makilomita 5 kumpoto kwa tauni, osaima, komanso malo osungira ng'ona a Madras Crocodile Bank amene anatsegulidwa mu 1976 m'mbali mwa msewu womwewo. Muuzeni dalaivala m'mawa musananyamuke kuti masitolo mudzasankha nokha.

Pa chakudya anatisankhira bwino. Anatipititsa kumene amadya anthu a komweko, mpunga pa tsamba la nthochi, ndiwo zosiyanasiyana zamasamba ndi nyemba, ndi nsomba yokazinga ya m'mawa womwewo, poti asodzi ali pagombe pomwepo. Tsabola ndi wambiri, nenani msanga ngati wodwala wanu analetsedwa. Madzi a kokonati amene amatema inu mukuona ndi abwino pa kutentha kuja.

Mnzanga wina wa ku mpingo anandifunsa ngati Mkhristu angapite ku malo otere. Shore Temple, tinyumba ta Pancha Rathas ndi mapanga aja amasungidwa ndi boma monga malo a mbiri yakale, ndipo palibe amene amakupemphani kugwada kapena kupereka nsembe. Kachisi amene anthu amapembedzamo tsiku ndi tsiku ndi wa Sthalasayana Perumal, pakati pa tauni. Olowamo amavula nsapato ndi kuvala modzilemekeza. Ife tinaima panja, tinaona anthu akulowa ndi maluwa, tinawapatsa ulemu wawo n'kupitirira.

Tengani chipewa, ambulera, madzi akumwa ndi mankhwala a wodwala a tsiku lonse. M'nyanja musasambemo, mafunde ake amakoka mwamphamvu. Wodwala amene sangathe kuyenda mtunda, yambani naye pa khoma la njovu ndi phanga la ng'ombe, chifukwa zili pamsewu, ndipo Shore Temple mupite pomalizira ngati mphamvu zatsalako.