Mafuta a tsitsi a malambe aja ndi enieni, koma wogulitsa wake anandinyoza

Ndinagula botolo la K12,000 lija limene mayi wina wa pa boma la Mangochi pano amatsatsa pa WhatsApp, lolembedwa kuti muli mafuta a malambe, a nsatsi ndi a kokonati. Ndalama ndinatumiza pa Airtel Money Lolemba, katundu n'kubwera Lachinayi ndi wakabaza, yemwenso ndinamulipira ndekha K1,500 chonsecho tinagwirizana kuti mtengowo ndi wofikitsa pakhomo.

Chinandikakamiza kugula ndi mwera wa mu June. Anzathu a ku Dedza amatitsutsa tikati ku Mangochi kwazizira, koma amene amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa njinga dzuwa lisanatuluke akuidziwa mphepo yake. Ine ndinasiya mankhwala owongola tsitsi mu 2023, ndinameta mpala n'kuyamba kusunga langa lachibadwa, lopotanapotana lija. Chaka chino lafika poti n'kumangika, koma kutangoyamba kuzizira linauma gwa ngati udzu wofolera nyumba. Ndikapesa chipeso chimatuluka chitadzaza tsitsi, pamutu potuwa, poyabwa usiku wonse. Madzi a pamjigo wathu nawonso ndi amchere, amangowonjezera vutolo.

Lachisanu m'mamawa ndinatsegula botolo lija ndi chimwemwe. Mafuta onse anali atagwirana, oyera ngati kandulo, osatsika ngakhale dontho limodzi. Pa chithunzi chomwe ankatsatsira anali amadzimadzi, achikasu. Mtima unandipweteka, ndinangoti basi andigulitsa mafuta odzola wamba osungunula. Ndinaimba foni kanayi, osayankha. Ndinalemba pagulu lawo mwaulemu, kufunsa chabe ngati mafutawa amakhala chonchi. Patapita nthawi kunabwera uthenga wa mawu, pagulu pomwepo aliyense akumva: "Asisi, ngati zinthu simukuzidziwa muzifunsa anzanu kaye. Katundu akatuluka sabwerera." Nditati ndiyankhe ndinapeza atandichotsa kale pagulupo. Munthu wakulipira ndalama zake zokhetsera thukuta, wafunsa funso limodzi, ndiye umuyankhe chonchi pamaso pa anthu? Mawu amenewo mpaka lero akundiwawabe.

Chifukwa cha ukali ndinangotapa ndi chala n'kupaka patsitsi louma. Zinangokhala pamwamba, tsitsi n'kumata, fumbi lonse la mumsewu kukakamira, pilo kuda. Botololo ndinaliponya m'kabati ndipo ndinauza anzanga awiri akuntchito kuti asayerekeze kugula.

Patatha sabata kunabwera mlamu wanga wa ku Namwera, yemwe amaluka anthu tsitsi. Kwawoko ndi kumtunda, kumazizira kuposa kuno kunyanja, ndiye nkhani zimenezi amazidziwa. Anatsegula, kununkhiza, kutikita pang'ono pachikhatho, mafuta aja n'kusungunuka pomwepo. "Alamu, awa ndi enieni. A kokonati kukazizira amagwirana, muzingoika botolo m'kapu ya madzi ofunda." Anandikhazika pamkeka, anagawa tsitsi zigawo zisanu ndi chimodzi, chigawo chilichonse n'kuyamba wachinyowetsa ndi madzi, kenako kupaka mafuta pang'ono kuyambira kunsonga, kumasula mfundo ndi zala chipeso chisanafikepo, n'kupota. Anandifotokozera kuti mafuta paokha safewetsa tsitsi, ntchito yake ndi kutsekera madzi kuti mphepo isawaumitse msanga. Tsitsi lathu lopotanali, mafuta omwe khungu la pamutu limatulutsa amavutika kutsetsereka mpaka kunsonga, n'chifukwa chake nsongazo ndi zomwe zimayamba kuduka. Anandiletsanso kuchapa mutu ndi madzi otentha kwambiri komanso sopo wochapira zovala, ndi kugona nditamanga duku la chitenje, poti chitenje chimamwa mafuta onse. Anandisiyira kansalu kake koterera ka satini.

Apa ndiye ndiyenera kunena chilungamo, mafutawa agwira ntchito. Papita masabata asanu, ndimanyowetsa ndi kupaka kawiri pasabata, kuchapa kamodzi pa masabata awiri ndi madzi omwe ndimakatunga pampopi kwa aneba. Kuyabwa kunatha sabata yoyamba yomwe, tsitsi lafewa, ndipo lotsalira m'chipeso ndi lochepa kwambiri. Ndikamakwera njinga m'mawa ndimavala kansalu kaja mkati mwa chipewa, ndikafika kuntchito tsitsi lili bwinobwino. Anzanga awiri aja ndinabwerera kukawauza kuti pa mafutawo ndinalakwitsa.

Zoti tsitsi litalika m'masabata awiri, monga amalembera potsatsa, limenelo ndi bodza. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo langa likuoneka lotalikirapo chifukwa lasiya kuduka basi. Fungo la nsatsi ndi lamphamvu, tsiku loyamba mwamuna wanga anadandaula nalo. Botolo linabwera losadzaza, ndipo papepala lake palibe tsiku lopangira, palibe tsiku lothera ntchito, palibe ngakhale mzere umodzi wonena kagwiritsidwe kake. Akanalembapo kuti kukazizira muike m'madzi ofunda ndipo mupake patsitsi lonyowa, bwenzi zonsezi kulibe, nanenso sindikanataya sabata yathunthu tsitsi likuthothoka.

Botololi likatha sindikudziwa ngati ndidzabwererenso kwa mayi ameneyu. Mitengo ya malambe ili mbwee m'boma muno, mlamu akuti andifufuzira ena opanga mafuta ake. Uthenga wofunsa K1,500 yanga ya kabaza ndinautumiza pa nambala yawo, anauwerenga, ndipo mpaka lero sanayankhe.