NBA 2K25 patatha miyezi 8: woponya bwino patali amaphonyeranji free throw?

Gemu ya basketball iyi inatuluka mu Seputembala 2024, ndipo patatha miyezi 8 ikuseweredwa pa PS5 m'malo a magemu ku Mbare ndi ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, dandaulo lomwe silikutha ndi limodzi: wosewera amathira mipira ya mapointi atatu mosavuta, koma akaima pamzere wa free throw (kuponya popanda womutchinga atachitiridwa fawulo), mpira ukumenya chitsulo. Ambiri amati gemu ikubera. Chimene chikuchitika n'chakuti gemuyi imawerengera zinthu ziwirizi padera.

Wosewera aliyense ali ndi manambala a luso ofika 99. Mid-Range Shot ndi nambala yake, Three-Point Shot ndi ina, Free Throw nayonso ndi ina. Mukaima pamzere, gemu imayang'ana ya Free Throw, osati zinazo. Opanga gemuwa sanalakwitse, chifukwa ngakhale pabwalo lenileni zimatero. Mu sizoni ya 2002-03, Bruce Bowen wa San Antonio Spurs anatsogola mu ligi yonse ya NBA ya ku America poponya mapointi atatu, akuthira 44 pa 100 iliyonse, koma pa free throw ankangothira pafupifupi 40. Stephen Curry ndiye ali nazo zonse, amapitirira 90 pa 100 pamzere, pomwe Shaquille O'Neal anathera cha m'ma 52. Mukasankha timu yakale ya Lakers, yembekezerani kuvutika naye Shaq pamenepo.

Nambala ya Free Throw imagwira ntchito chonchi. Mumagwira batani la Square, kenaka n'kulisiya mpira ukafika pamwamba, dzanja litatsala pang'ono kuutulutsa. Mukasiya pa nthawi yake yeniyeni mumayatsa girini, chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti mwaponya bwino, ndipo mpira umalowa. Nambala ikakhala yayikulu, mpata woyatsira giriniwo umakula, komanso gemu imakukhululukirani mukachedwa kapena kufulumira pang'ono. Ikakhala yaying'ono, kampata kamachepa moti chala chikangoterereka pang'ono, mwaphonya. Choncho luso la chala chanu ndi lofunika, koma limagwira ntchito mkati mwa malire amene nambalayo yaika.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu odziwa kuponya kale. Kaponyedwe ka free throw kali ndi mayendedwe akeake, osiyana ndi a jump shot, kuponya molumpha. Wosewera salumpha, ena amayamba adunda mpira kangapo, ena amaimitsa kaye dzanja pamwamba. Chala chimene chazolowera liwiro la jump shot chimasiya batani msanga. Musawerenge m'mutu, yang'anani chigongono ndi dzanja la wosewerayo. Mu MyCAREER, gawo la gemu lomwe mumamanga wosewera wanuwanu, mukhoza kusintha kaponyedweka pa Animations. Sankhani kamodzi kosavuta kuona, ndipo mukasiye komweko. Kusinthasintha sabata iliyonse ndiye kumawononga chizolowezi.

Pomanga wosewera wa MyCAREER, ambiri amatsitsa Free Throw mpaka pansi kuti mapointiwo akawonjezere kwina. Ngati mumangosewera ku Park, bwalo la pa intaneti losewera awiriawiri kapena atatuatatu, zimenezi sizipweteka kwenikweni chifukwa kumeneko kulibe ma free throw. Koma ku mabwalo ena a pa intaneti a Rec ndi Pro-Am, komwe mumakhala asanuasanu, adani akangozindikira kuti simutha, amakuchitirani fawulo dala m'mphindi zomaliza. Kwa wosewera amene amakonda kulowa pansi pa ringi, komwe mafawulo amachuluka, kutsitsa nambalayi n'kudzitchera msampha nokha.

Tisaiwale TV. Ma TV ambiri a m'malo a magemu amachedwetsa chithunzi pang'ono ngati Game Mode sinayatsidwe, ndipo pa free throw kuchedwa kochepako n'kokwanira kukuphonyetsani. Pa intaneti vuto limakula: amene waphunzira nthawi yosiyira batani posewera ndi kompyuta amapeza kuti pa intaneti zasintha. Chingwe cha LAN chimakhazikika kuposa Wi-Fi, makamaka madzulo anthu ambiri akalumikiza mafoni. Kutopa kwa wosewera nakonso kumachepetsa kuthira, ndiye amene mwamuthamangitsa ndi batani la R2 kotala yonse musamuyembekezere zambiri pamzere.

Amene akufuna kuona mphamvu ya nambala payokha alowe mu Controller Settings, asinthe Free Throw Timing kuchoka pa User Timing kupita pa Real Player %. Pamenepo chala chanu sichiwerengedwanso, gemu imatengera luso la wosewerayo basi. Ponyani kokwanira 50 ndi Curry, kenaka 50 ndi Shaq, mulembe zotsatira. Mukatero bwererani pa User Timing mubwereze chimodzimodzi pa mulingo womwewo wa kuvuta kwa gemu, kaya All-Star kapena Hall of Fame. Kusiyana kwa zotsatira ziwirizo ndiko gawo la chala chanu. Posewera panyumba ndi ana kapena ongoyamba kumene, Real Player % ndi yabwino, imachepetsa mikangano yolimbirana kontirola yomwe akuti ili ndi batani lofewa.