Chimera cha balere kapena cha mawere?

Amene tikukhala ku Harare kuno timakumana ndi zimera ziwiri. Cha balere chimabwera chobisika: amachifinya n'kupanga madzi otsekemera okhuthala ngati uchi, omwe amathira mu Milo, Horlicks ndi ma cornflakes ambiri. Papaketi amalemba kuti barley malt extract. Cha mawere kapena mapira timachiona ndi maso, chili mbwee m'mabeseni ku Mbare Musika.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Balere ali ndi gluten, puloteni wopezekanso mu tirigu, ndipo kumeretsa sikumuchotsa yense. Kwa munthu wodwala celiac, matenda omwe thupi limadana ndi gluten, ngakhale gluten wapang'ono chabe amawononga matumbo, chakudya n'kumangodutsa osagwira thupi. Muyezo wa zakudya wa padziko lonse wotchedwa Codex umati chakudya chizitchedwa chopanda gluten pokhapokha asapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Choncho musanyengedwe poti cornflakes ndi chimanga. Werengani paketi, abale.

Mawere ndi mapira alibe gluten mwachibadwa, n'chifukwa chake ine ndimakonda thobwa lophika ndekha. Chenjezo lili pachigayo: ngati agayapo tirigu, ufa wanu waipitsidwa. Maheu enanso amathiramo ufa wa tirigu kuti asase msanga, ndiye funsani musanamwe.

Wopanda vutoli adye zonse, koma wa shuga asamale, zimera zonsezi zimatsekemeretsa.